Mchere wa Alamu Ulibe Mlandu

Joni,
Julaye 2024

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kukupatsani moni. Muli bwanji kumeneko ku Kabwazi? Bondo lija likukulolani kufika ku tchalitchi, kapena chisanu cha mwezi uno chaliumitsanso? Ndikumva kuti chaka chino kwazizira mpaka mbatatesi zapserera m'madimba. Kunonso kukuzizira, koma kuzizira kwa kuno n'kouma, kong'amba milomo. Ine m'thupi ndili bwino. Ntchito ndikugwirabe kwa abwana omwe aja, ngakhale masiku ano ndikumapita mwa apo ndi apo. Chimene ndakhalira pansi kuti ndilembe ndi za mlongo wanga Vinsenti, ndipo si zabwino.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chikhalirecho foni muli nayo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikangoyamba nkhani yolemera mumati netiweki yavuta, apo ayi mumapatsira foni abambo aang'ono a Anselmo, ndipo iwo akaigwira ine ndimasanduka womvera ulaliki. Pepala salidula pakamwa. Chonde muwerenge nokha, magalasi aja muli nawo, ndipo mufike nayo kumapeto musanaitane munthu. Ndaipatsira a Bonifasio, onyamula katundu wa anthu kuchokera kuno. Ndi omwewa anaona miyendo ya Vinsenti nthawi ya Pasaka n'kukailengeza mudzi wonse. Pakamwa pawo panafikitsa theka la nkhani, tsono thumba lawo lifikitse yotsalayo.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva, ngakhale inu simunandiuze. Munamva kuti mwana wanu watupa miyendo ndi nkhope, ndipo akuonda. Munawerengera m'mbuyo: anabwera pa Khirisimasi atatha zaka ziwiri osaponda kwawo, anadya ndiwo zothira mchere ndi mkazi wake, atabwerera kuno n'kuyamba kutupa. Abambo aang'ono anagamula kuti limeneli ndi tsempho, mkazi anayenda ndi mwamuna wina mwini wake ali kutali, kenako n'kumuthirira mchere. Munaitana ankhoswe, munawakhazika pamphasa alamu anga a Sibongile, amake Pilira, n'kuwafunsa ngati akudziwapo kanthu pa matenda a amuna awo. Iwo anangowerama, misozi chuchuchu, osayankha. Inu munati kukhala chete ndiko kuvomera. Chimanga chimene analima okha chisanalowe m'nkhokwe, anali atabereka mwana kubwerera kwawo ku Mayani.

Amayi, ndinakwiya, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Koma sindikulemba kuti tikangane za tsempho. Munandilera ndikuliopa, ndipo sindinganame kuti mantha ake anandichoka onse. Ndikungofuna ndikuuzeni mmene matendawa anayendera, kuyambira pachiyambi, chifukwa ine ndinalipo. Mundikhululukire, ndilemba zinthu zimene mlongo sayenera kutchula za mlongo wake. Manyazi amenewa ndi amene atifikitsa pano, ndiye ndawaika pambali.

Vinsenti anayamba kuona magazi potaya madzi m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Muwerenge bwino pamenepa: chaka chatha, Khirisimasi isanafike n'komwe, asanadye kalikonse kochokera m'manja mwa mkazi wake. Iye anati ndi likodzo. Mukukumbuka ali wamng'ono, anyamata onse osambira kumtsinje ankataya madzi ofiira n'kumanyadirana kuti akula, ndipo akuluakulu ankangoseka. Ndiye sanachite mantha. Anagula mapiritsi a likodzo kwa Mmalawi wina wogulitsa mankhwala kuseri kwa shopu, magazi anasiya, iye n'kuti wachira. Anabweranso, anamwanso mapiritsi. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma iyeyu samamva kupweteka kulikonse, ndiye chitseko sanatsekule. Komanso mapepala ake okhalira m'dziko lino anali atatha, ndipo munthu wotero akaona geti la chipatala amaona ngati la polisi. Ngakhale ine amene ndimakhala naye mpanda umodzi sanandiuze.

Atabwera kumeneko pa Khirisimasi, alamu anaona magazi pochapa zovala zake zam'kati. Anamufunsa, anamuchonderera kuti apite ku chipatala cha pa boma asanabwerere kuno. Iye anawakalipira kuti ndi likodzo chabe, n'kuwalumbiritsa kuti asakuuzeni, poti inu muli ndi vuto la kuthamanga magazi ndipo sankafuna kukuonongerani chikondwerero. Anawalonjeza kuti akafika kuno akapita ku chipatala. Zimenezi wandiuza ndi Vinsenti mwini wake.

Choncho pamphasa paja alamu ankadziwadi kanthu. Koma tandiuzani, Amayi, inu amene mumalangiza atsikana a mu mphakati asanalowe m'banja: ndi mtengwa uti woleredwa bwino amene angatsekule pakamwa pamaso pa apongozi aamuna ndi ankhoswe, n'kuyamba kufotokoza mtundu wa mkodzo wa amuna ake? Si inu mumaphunzitsa kuti za kuchipinda sizituluka pakhomo, ndiponso kuti mwamuna akati usanene, usanene? Alamu anachita zimene mumaphunzitsa, ndipo munawathamangitsira zomwezo.

Mu Januwale anayamba kumva kuwotcha ndi kumangopitapita kukataya madzi. Anapita ku kiliniki ya kufupi kuno. Kumeneko atangomva kuti ndi mwamuna wokhala kutali ndi mkazi, anamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, namwino n'kumulangiza za khalidwe. Vinsenti anabwerako ali wamanyazi ngati wagwidwa akuba, chikhalirecho sanachite kanthu. Kuyambira pamenepo anakana kupitanso kulikonse. Ankangomanga mano n'kupita ku galaja kumene amapopera magalimoto penti.

Ine ndinadziwa m'nyengo ya Lenti, nsapato zitakana kulowa. Msana unkamupweteka, madzi ankatuluka pang'ono pang'ono, nkhope inadzaza. Ndinamuuza kuti kaya atimanga atimange, koma tikupita. Ndinamukokera ku chipatala chachikulu ngati mbuzi yopita kumsika. Palibe anatimanga. Anatifunsa mafunso ambiri pa windo, tinadikira tsiku lonse pa benchi, koma pamapeto pake anamulandira.

Anayeza mkodzo, mazira a likodzo sanawapeze. Anayeza magazi, kachilombo alibe, ndipo matenda aja anamunamizira ku kiliniki alibenso. Ndalemba dala zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ena kumeneko akunong'ona. Kenako anamujambula pamimba ndi makina. Anapeza kuti khoma la chikhodzodzo lakhuthala, ndipo lapana timisempha timene timatsitsa mkodzo kuchokera ku impso. Impso zonse ziwiri zinali zitatupa chifukwa madzi analibe potulukira, ndipo njira zina zimene madzi a m'miyendo amakwerera zinali zitapanikizikanso. Kutupa kumene a Bonifasio anaona ndi kumeneko.

Dokotala amene anamutenga ndi mayi wachitsikana, wochepa thupi, wosalankhula zambiri. Analowetsa kachubu kokhala ndi nyali ndi diso kunsonga kuti aone m'kati mwa chikhodzodzo. Anatiuza kuti ankayembekeza kupeza chotupa choimirira, poti khansa ya m'chikhodzodzo kawirikawiri imaoneka choncho. Sanachipeze. Munali mofiira ndi molimba basi. Anatsinako kanyama kakang'ono pamwamba n'kutumiza kokayeza, ndipo zotsatira zinabwera zoti ndi kutukusira chabe. Amayi, ndinavina. Ndinakaperekanso Misa yothokoza. Ndikawerengera, sabata imene ine ndinkavina kuno ndi imene inu munkayala mphasa kumeneko.

Koma dokotala uja mtima wake sunakhazikike. Anati chikhodzodzo cha munthu wa zaka za Vinsenti sichiuma ngati chikopa popanda chifukwa. Anamugoneka ndi mankhwala n'kulowanso, ulendo uno anadula mozama mpaka kufika pa mnofu wa khomalo. Zotsatira zinachedwa kwambiri. Ndinkapita kukafunsa mpaka alonda a pageti anandizolowera. Pambuyo pake tinamva chimene chinachedwetsa. Oyeza aja atayang'ana kanyamako pa makina okulitsa zinthu, anaona tizidutswa tofanana ndi tina ta m'magazi, ndipo poyamba anaganiza kuti ndi khansa ya m'magazi. Anakatumiza kwina, kumene anakapaka mankhwala a mitundumitundu kuti kaulule kumene kanachokera. Ndi pamene zinadziwika kuti gwero lake ndi chikhodzodzo chomwecho.

Tsiku lotiuza anatilowetsa m'kachipinda, n'kutseka chitseko, ndipo anaitana namwino wina wachikulire wa Chizulu kuti akhale nafe. Nditangoona akukoka mipando ndinadziwa. Dokotala anati ndi khansa, koma si ya masiku onse. Dzina lake ndalikopera papepala lawo, akuti plasmacytoid. Anati mwa anthu zana odwala khansa ya m'chikhodzodzo, amene amapezeka ndi mtundu umenewu mwina ndi mmodzi kapena awiri, ndipo iye pa ntchito yake yonse anali atakumana nawo kamodzi kokha. Khansa imeneyi siunjikana malo amodzi kuti munthu aione n'kuizula. Imayenda pansi pa khungu la m'kati, kachidutswa apa, kachidutswa apo, ngati kapinga m'dimba: pamwamba mukuona poyera, pansi mizu yafika kale kwa aneba. N'chifukwa chake diso la kachubu lija silinaione, ndipo kanyama koyamba kanatinamiza. Imathamanganso kuposa inzake.

Anatembenuza kompyuta kuti tione. Chinali chithunzi chofiirira chokhala ndi timadontho tambirimbiri tomwazikana. Ine sindinapite patali ndi sukulu, sindinganene kuti ndinamvetsa zonse. Koma ndinaona ndi maso anga kuti chimene chikudya mwana wanu chili ndi maonekedwe, chili ndi dzina, ndipo anthu anachiika pagalasi n'kuchiyang'ana. Vinsenti anangoti zikomo adokotala, ngati amupatsa mphatso.

Nthawi imeneyo n'kuti nditamva kale za mlandu wa alamu. Ndinapempha Vinsenti kuti atsogole panja, ine n'kutsalira. Ndinafunsa dokotala, m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ngati mkazi angadwalitse mwamuna wake matenda amenewa pomuthirira mchere m'ndiwo atayenda ndi mwamuna wina. Iye sanamve chimene ndinkatanthauza, anayamba kundiuza za kuchepetsa mchere m'zakudya. Namwino wa Chizulu uja ndi amene anamva, poti kwawonso zoterezi ziliko, ndipo anamufotokozera. Dokotala sanaseke. Anati khansa yofika pamene yafikapa inayamba kale kwambiri Disembala asanafike, ndipo magazi a chaka chatha aja anali chizindikiro chake. Anati chimene chinaiyambitsa sangachiloze ndi chala. Anafunsa za fodya, za mpweya wa penti wa ku galaja, za likodzo la paubwana, koma anati palibe chimene angalumbirire. Chimene anati angalumbire n'chakuti palibe chimene mkazi angathire mumphika, kapena kuchita ndi thupi lake, chimene chingabzale matenda amenewa mwa mwamuna.

Anayesa kumuchita opaleshoni yochotsa chikhodzodzo chonse. Makina ojambula ankaonetsa ngati zitheka. Atatsekula anapeza yayala kale m'mimba monse, mpaka pa matumbo, ndipo anangotsekanso osachotsa kanthu. Dokotala anati mtundu umenewu umachita zimenezi, umabisala ngakhale kwa makina. Panopa anamuboola kumsana mbali zonse ziwiri n'kuika timachubu tochokera ku impso, ndipo madzi amatsikira m'matumba awiri amene amayenda nawo. Miyendo yaphwerako pang'ono. Mankhwala amphamvu a khansa aja akuti impso zake sizingawapirire, angomufulumizitsa.

Ndinafunsa kuti tili ndi nthawi yotani. Ndikuuzani monga anandiuzira, chifukwa kubisa kwatikwana. Anati ndi miyezi, ndipo si yambiri. Mvula yoyamba mwina aiona. Za Khirisimasi anati asatilonjeze. Amayi, Vinsenti sachira. Mawu amenewa ndi owawa, koma ndi oona.

Mankhwala a tsempho amene munapatsira a Bonifasio anafika. Vinsenti anafunsa kuti ndi a chiyani, ine ndinati ndi a kutupa. Anamwa chifukwa achokera kwa mayi ake. Sanasinthe kanthu.

Tsono mumve mmene tikukhalira. Tili m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Amene amakhuthula matumba aja ndine. Amene amatsuka mabala kumsana, kumusambitsa, kumusintha zovala, ndine, mlongo wake. Anyamata a kwathu amabwera kudzathandiza Loweruka ndi Lamulungu, koma masiku ena onse ali ku ntchito. Ndikamamusambitsa amatembenukira kukhoma n'kutseka maso mpaka nditamaliza. Tsiku lina anandiuza kuti ululu amaupirira, koma ichi chokha ndi chimene chikumupha msanga. Inu mukudziwa kuti ntchito imeneyi si yanga. Mwini wake alipo, ndipo akuifuna. Abwana anga andichenjeza kale kuti akufuna munthu wobwera tsiku lililonse, koma zimenezo sizikundidetsa nkhawa panopa.

Za kuthamangitsidwa kwa alamu tinamubisira. Anapempha ndi alamu omwewo. Anandiimbira akulira, osati kudandaula za iwo eni, koma kundichonderera kuti bambo a Pilira asamve, angakhumudwe ndi mayi awo ali pa mphasa ya matenda. Taonani munthu amene munamutcha woipa. Akamaimba foni ya kanema ankapita kukaima kumunda, kumbuyo kwawo kukuoneka mapesi okhaokha, poti mapesi ndi amodzi kulikonse. Vinsenti akati tandionetsa nyumba yathu, tandionetsa mtengo wa mapichesi uja, iwo ankati batire latsala pang'ono. Ine ndinkavomereza bodzalo, Mulungu andikhululukire pamodzi nawo.

Lamulungu lapitali bambo mfumu a kuno anabwera kudzamudzoza mafuta a odwala. Atachoka, Vinsenti anali wopepukidwa mtima ndipo anafuna kuona mwana. Alamu anatembenuza foni kuti Pilira apereke moni, ndipo phiri linaonekera kumbuyo. Linaoneka kanthawi kochepa chabe. Koma mwana wa ku Dedza angasokoneze nkhope za anthu, osati mapiri. Anamaliza kucheza ndi mwana bwinobwino, anatsanzika, n'kuika foni pachifuwa. Kenako anandifunsa, mofatsa, kuti kodi phiri la kwa apongozi ake linasamukira liti ku Kabwazi.

Ndinamuuza zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma sanakweze mawu. Anafunsa ngati alamu ananena za magazi aja pamphasa. Nditati ayi, analira. Chidwalireni, ngakhale tsiku la opaleshoni, ndinali ndisanamuone akulira. Ankangobwereza kuti ndine ndinamutseka pakamwa, ndine ndinamutseka pakamwa. Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake anandiuza kuti akufuna kubwera kumudzi basi isanayambe kumukana. Dokotala wavomera. Watipatsa mankhwala amadzi opha ululu, matumba ena osinthira, ndi kalata yokapereka ku chipatala cha pa boma kuti azikamuona. Ulendo ndi wautali kwa munthu wotere, kudutsa Zimbabwe ndi Mozambiki atakhala pampando, koma akuti bola kuvutika panjira kusiyana ndi kubwera m'bokosi.

Ananenanso china, ndipo ndi chimene ndalembera kalata yonseyi. Anati akafika n'kupeza kuti mkazi wake sali m'nyumba imene anam'mangira, ndisamutsitse. Ndimupititse ku Mayani. Akakhala mkamwini kwa apongozi ake, akafera komweko, ndipo akaikidwa m'manda a kumeneko. Ndinamuuza kuti asalankhule choncho, abambo athu agona ku Kabwazi, ndipo mawu oterewa angakupheni inu. Anandiyankha kuti amayi ali ndi ana ena owatseka maso, koma iye ali ndi mkazi mmodzi, ndipo sangalole kuti mkaziyo atsale ndi dzina loti anapha mwamuna wake, Pilira n'kukula akulozedwa zala. Anati ngati pakamwa pake sipanamuteteze ali moyo, manda ake akamuteteza. Mukumudziwa mwana wanu. Salankhula kawiri.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, Amayi. Pitani ku Mayani mukawatenge alamu. Mupite nokha ndi miyendo yanu. Ankhoswe akuperekezeni, nkhuku munyamule monga mwa mwambo, koma mawu atuluke pakamwa panu, pamaso pa makolo awo, kuti mwana wawo alibe mlandu. Musatume abambo aang'ono, akangokaonjezera moto. Ndalankhula ndi alamu. Iwo akuti ngakhale lero angabwere, sakusunga kanthu kukhosi. Koma bambo awo anenetsa kuti mwana wawo anachoka ngati galu pamaso pa anthu, ndipo sabwerera pokhapokha amene anamuthamangitsa abwere kudzamuitana. Ine sindingawatsutse. Akanakhala ine mwana wanu atandichita zotere kwa eni ake, inu mukanatumiza nkhuku yawoyo ibwerere.

Ndikudziwa kuti n'zolemera. Munthu wamkulu ngati inu, mlangizi wa mu mphakati, kukagwada kwa mpongozi, anthu adzalankhula. Abambo aang'ono adzati ana a ku Joni apusitsidwa ndi madokotala. Alekeni anene. Iwo sanakhuthulepo thumba ngakhale limodzi.

Ndikudziwanso chifukwa chimene munagwiritsitsa tsempho, ndipo pamenepa mkwiyo wanga umasanduka chisoni. Tsempho lili ndi mankhwala. Mkazi aulule, asing'anga asakanize mizu, mwana adzuke. Munkafuna matenda oti mungathe kuchitapo kanthu, ndipo munkadikira kuti alamu akaulula, Vinsenti achira. Inenso ndikanakonda zikanakhala choncho. Ndikanapita ndekha ku Mayani kukawakoka tsitsi mpaka aulule, mlongo wanga n'kukhala moyo. Koma palibe choti aulule, Amayi, ndipo palibe mzu woti tikumbe. Kumuchiza simungathe, inenso sindingathe, dokotala walephera. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi ichi chokha, ndipo palibe wina angachichite.

Tinyamuka kuno kumayambiriro a Ogasiti, tidzalowera pa chipata cha Dedza n'kutsikira pa Linthipe. Ndapangana ndi a Kalisto a galimoto yaing'ono kuti adzatidikire pamenepo, chifukwa Vinsenti sangakwere njinga. Pa Linthipe msewu wa kwathu ukhotera kwina, wa ku Mayani kwina. Ndisanakweze chikwama ndidzafunsa a Kalisto funso limodzi, kuti amake Pilira agona kuti. Chimene adzandiyankhe ndi chimene chidzawongolere galimoto. Musadzandiyese mwana wamwano. Ndinamulonjeza munthu amene akufa, ndipo sindidzamunamizanso kachiwiri.

Mukonzeretu chipinda chake. Pakhale matiresi, osati mphasa, chifukwa cha timachubu ta kumsana, ndiponso bulangete lina, poti amazizidwa kwambiri. Mudziwitsenso bambo mfumu a ku parishi. Mukadzamuona musadzadzidzimuke pamaso pake. Wachepa kwambiri, koma nzeru zake zili bwinobwino, ndipo amamva chilichonse chimene anthu akunong'ona.

Mundiperekere moni kwa abambo aang'ono a Anselmo ndi amayi aang'ono, muwauze kuti ulemu wanga kwa iwo ulipobe ngakhale tasiyana maganizo. Moni kwa azakhali a Elena, kwa mng'ono wanga Nomsa ndi amuna ake ndi ana, ndi kwa onse a mu mphakati wathu. Apitirize kutipempherera, makamaka pa ulendowu. Vinsenti ali pambali panga pano, wadzuka. Akuti moni Amayi, akuti wakusowani, ndipo sanakwiye nanu, kungoti nthawi yodikira alibe.

Moni wanga wopita kwa alamu anga ndi kwa Pilira sindiutumiza pa foni kapena kudzera mwa munthu wina. Ndauika m'manja mwanu, mukaupereke nokha.

Ambuye akusungeni mpaka tionane pakhomo.

Ndine mwana wanu,
Bernadetta